Nsomba Zobereka Ana Ngati Mbuzi

Mwana aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti nsomba imachokera ku dzira. Mlamba umadikira mvula kuti ukaikire mazira m'maudzu a m'madambo osefukira, mpasa zimakwera mitsinje ngati Bua kukaikira pa miyala, ndipo chambo chachikazi chimatola mazira ake pa mchenga n'kuwafungatira m'kamwa mpaka ataswa. Munthu akaona tiana tikutuluka m'kamwa mwa chambo akhoza kunena kuti chabereka, koma ayi ndithu, chidayamba chaikira kaye mazira. Komatu kutsidya kwa nyanja yamchere ya Atlantic, m'maiko a ku America, kuli nsomba zing'onozing'ono zimene siziikira mazira n'komwe. Yaikazi imatenga bere, mimba n'kumakula, ndipo tsiku likakwana imabereka ana amoyo amene amayamba kusambira nthawi yomweyo.

Ndati ndikufotokozereni za nsomba zimenezi, awerengi okondedwa, makamaka za mitundu yosowa imene anthu ena amaweta m'nyumba zawo, m'mathanki a galasi. Kwa ife kuno, kuweta nsomba imene sudzaidya kumamveka ngati chibwana, mwinanso ngati zochita anthu amene ndalama zawasefukira. Sindingakane kuti ambiri ogula mathanki otere amangofuna chokongoletsera pabalaza. Koma pali kagulu kena kamene thanki kamaliona ngati nkhokwe yosungiramo mbewu, ndipo mitundu ina ya nsombazi ikadatha kale pa dziko lapansi pakadapanda anthu amenewa.

Yodziwika kwambiri mwa nsomba zobereka ndi guppy. Kwawo kwenikweni ndi ku Venezuela, ku Guyana ndi pa chilumba cha Trinidad. Dzinali ndi la Robert John Lechmere Guppy, amene adatumiza nsombazi ku London kuchokera ku Trinidad, ndipo m'chaka cha 1866 katswiri wina wa kumeneko adazitcha dzina la mkuluyu. Dzira la guppy limakhala ndi chakudya chake chokwanira monga muja likhalira dzira la nkhuku. Make amangolisunga m'mimba kwa milungu pafupifupi 4 mpaka litaswa. Chodabwitsa n'chakuti yaikazi ikakumana ndi yaimuna kamodzi kokha, imasunga mbewu ya yaimunayo m'thupi kwa miyezi ingapo n'kumabereka mwezi ndi mwezi popanda kukumananso nayo. N'chifukwa chake guppy ndi zinzake monga platy, molly ndi swordtail zili mbwee m'masitolo a nsomba zoweta pa dziko lonse. Zimenezi sizisowa wozidandaulira. Nkhani yanga ili pa zina.

Ku mapiri a pakati pa dziko la Mexico kuli banja la nsomba lotchedwa Goodeidae, potengera dzina la George Brown Goode, katswiri wa za nsomba wa ku United States. Oweta amangoti goodeid. Mitundu yobereka ya m'banja limeneli ilipo pafupifupi 40, ndipo yonse kwawo ndi ku Mexico kokha. Ina mwa iyo imapezeka mu mtsinje umodzi, inanso pa kasupe mmodzi basi. Kuberekana kwake n'kumene kumandichititsa chidwi. Dzira la goodeid ndi laling'ono kwambiri, ndipo chakudya chimene lili nacho sichingakwane kulera mwana. Tsono mwana akadali m'mimba amamera tizingwe tofewa kunsi kwa mimba yake, timene akatswiri amatitcha trophotaenia, ndipo timeneti timayamwa chakudya kuchokera m'thupi la make. Ntchito yake ndi ija ya mchombo pa mwana wa mbuzi kapena wa munthu. Kamwana kakangobadwa, tizingweti timaoneka tikulendewera, kenaka timathothoka pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Yaimuna imadziwika ndi chipsepse cha kunsi kwa mimba chimene chimakhala ngati chang'ambika pang'ono kutsogolo, pamene pa guppy yaimuna chipsepse chomwecho ndi chosongoka ngati singano.

Popeza make ndiye amadyetsa ana m'mimba, bere la goodeid limatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo ana amabadwa ochepa koma akuluakulu. Mtundu wotchedwa Ameca splendens, mwachitsanzo, kawirikawiri umabereka ana a pakati pa 5 ndi 30, aliyense wotalika pafupifupi masentimita awiri. Kuonjezera apo, yaikazi siisunga mbewu monga ichitira guppy. Ikabereka iyenera kukumananso ndi yaimuna kuti itenge bere lina. Nsomba yochulukana mochedwa chonchi, yokhalanso pa kasupe mmodzi, siichedwa kutha. Kasupeyo akangouma chaka chimodzi, kapena wina akathiramo nsomba yolusa, mtundu wonse wapita.

Kuti mumvetse chifukwa chimene anthu amadzivutira ndi tinsomba totere, tiyeni tipite ku mtsinje wa Teuchitlán, m'chigawo cha Jalisco, kumadzulo kwa mzinda wa Guadalajara. Ndi mtsinje waufupi wochokera pa akasupe, ndipo umakathira m'damu la La Vega. M'madzi amenewa munkakhala kansomba kotalika ngati chala, kamene kakamuna kake kali ndi mzere wa mtundu wa lalanje kumchira. Eni dera ankakatcha gallito, kutanthauza katambala. Akatswiri awiri, Webb ndi Miller, adakapatsa dzina loti Zoogoneticus tequila m'chaka cha 1998, potengera phiri la Tequila limene lili chapafupi. Koma pamene dzinali linkalembedwa m'mabuku, kansombako kadali katatsala pang'ono kutheratu mu mtsinjewo. Madzi adaipa ndi zonyansa, ena adapatutsidwira ku minda ya nzimbe, ndipo anthu adathiramo nsomba zachilendo zimene zidalanda chakudya ndi malo. Pakati pa alendowo padali nsomba zoweta m'mathanki zimene eni ake adataya, komanso tilapia, amene ndi abale ake a chambo ndi makumba athu, ochokera konkuno ku Africa. Kwathu kuno ndi ndiwo yapamtima, koma kwa eni ake idakasanduka mliri.

Mwayi wake unali wakuti anthu ena a ku Ulaya adali atatengako kale tinsombati n'kumatiweta m'mathanki. M'chaka chomwecho cha 1998, Mngelezi wina wokonda kuweta nsomba, Ivan Dibble, adanyamula zazimuna 5 ndi zazikazi 5 kuchokera ku Chester Zoo ku England n'kukazipereka ku yunivesite ya Michoacana mu mzinda wa Morelia. Nsomba 10 zokha, zosadzaza ngakhale mbale ya ndiwo! Ophunzira ndi aphunzitsi awo adaziweta m'nyumba kwa zaka zoposa 10. M'chaka cha 2012 adapatula zazimuna 40 ndi zazikazi 40 n'kuziika m'maiwe okumba panja, kuti zizolowerenso kudzifunira chakudya, kuthawa mbalame ndi njoka, ndiponso kupirira kusintha kwa nyengo. Patatha zaka 4 zidachuluka kufika pafupifupi 10,000. Apa gulu lotsogozedwa ndi Omar Domínguez lidatengako 1,500 kubwerera nazo ku Teuchitlán. Poyamba adaziika m'makola oyandama mu mtsinje momwemo, ndipo ataona kuti zikudya ndi kuberekana adazitsekulira. Mu Disembala 2021 kudalengezedwa kuti katambala uja wakhazikikanso kwawo ndipo akuchulukana yekha. Mu Novembala 2022, pa nyengo imene anthu a ku Mexico amakumbukira akufa awo, mtundu wina wotchedwa Skiffia francesae, umene udasowa mu mtsinje womwewo zaka zambiri m'mbuyomo, nawonso udabwezeredwa. Zimenezi zidali 1,200.

Asadabwezere nsomba adayamba akonza mtsinje. Adachotsamo nsomba zachilendo pa malo amene adasankha, ndipo anthu a m'tauni ya Teuchitlán, ana a sukulu omwe, adayamba kutola zinyalala ndi kulondera madziwo. Kubwezera nsomba m'madzi omwe aja adaipha kukadakhala kutaya mbewu pa thanthwe. Komabe chimene chimandigwira mtima kwambiri m'nkhaniyi ndi zaka zija zapakati, pamene kansombaka kadalibe kwina kokhala koma m'magalasi. Sikokongola ngati guppy, ndipo wa sitolo sangapeze nako phindu. Padali anthu amene mlungu ndi mlungu ankasintha madzi, kudyetsa ndi kuwerenga ana, popanda wowaombera m'manja. Kuyambira m'chaka cha 2009 oweta otere ali ndi bungwe lawo, Goodeid Working Group, limene limalumikiza anthu wamba, malo osungira nyama ndi mayunivesite kuti azigawana nsomba ndi nzeru.

Nanga munthu amaziweta bwanji? Chinthu choyamba ndi madzi, osati nsomba. Nsomba imakhala, kudya ndi kuchita chimbudzi m'madzi omwewo. Zotuluka m'thupi mwake zimakhala ndi amoniya, imene ndi poizoni woopsa ngakhale itachepa. Ku mtsinje madzi oyenda amaichotsa, koma m'thanki ntchito imeneyi amagwira ndi mabakiteriya abwino amene amakhala pa miyala, pa mchenga ndi m'siponji yosefera madzi. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, imene ndi yoopsabe, ndipo gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, imene nsomba imapirira ngati siinachuluke. Mabakiteriyawa amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti achuluke mokwanira m'thanki latsopano. Amene wagula thanki m'mawa n'kulidzaza nsomba madzulo amakhala akutola mitembo mlungu usanathe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa chifukwa chomwechi siponji ija siitsukidwa ndi sopo kapena pa mpopi. Amangoifinya m'madzi akale ochokera m'thanki momwemo n'kuibwezera.

Nitrate ija imachoka posintha madzi. Mlungu uliwonse oweta amakoka ndi kapayipi gawo limodzi la magawo atatu, kuyambira pansi pamene pamadikha zonyansa, n'kuthiramo ena atsopano. Madzi a pa mpopi amakhala ndi chlorine, choncho amayamba aikidwa m'ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, kapena amathiridwa mankhwala ochotsa chlorine, asanalowe m'thanki. Kwa Ameca splendens, imene imakula kufika masentimita 8 ndipo siikhala phee, thanki la malita 100 ndilo loyambira.

Pa kutentha kwa madzi m'pamene ambiri amaphonya. Munthu akamva zoti Mexico amaganiza za dziko lotentha, n'kuika chotenthetsera madzi m'thanki. Koma kwawo kwa goodeid ndi kumtunda, kumapiri kumene usiku kumazizira. Zambiri zimakondwa ndi madzi a pakati pa madigiri 18 ndi 24. Zikakhala nthawi yaitali m'madzi opitirira madigiri 26 zimafooka, zimagwidwa matenda msanga, ndipo moyo wake umafupika. Oweta odziwa amalola kuti madzi azizire kutsika pa madigiri 20 kwa miyezi iwiri kapena itatu pa chaka. Pa nthawi imeneyi zazikazi zimaleka kutenga bere n'kupumula, ndipo kukayamba kufunda zimabereka ana amphamvu. Titati tifanizire ndi kwathu kuno, nsomba zotere zingasangalale ku Dedza, koma ku Nsanje mwezi wa Okutobala zingaone zakuda.

Za chakudya sindichulutsa. Ameca splendens imakonda ndere ndi zamasamba, ndipo tsiku lonse imakhala ikubudula ndere za pa miyala ndi pa galasi. Oweta amaipatsanso nsawawa zophika zosenda khungu ndi masamba ofutsa pang'ono. Zoogoneticus imakonda tizilombo ta m'madzi monga mphutsi za udzudzu. Lamulo lake ndi limodzi: perekani chimene zingathe kumaliza m'mphindi ziwiri. Chotsala chimaola n'kuononga madzi, ndipo nsomba zambiri za m'mathanki zimafa ndi chifundo cha mwini wake osati ndi njala.

Zikakhala pa mtendere, kuberekana zimachita zokha. Ntchito ya woweta ndi kuona kuti zazikazi zikuchuluka kuposa zazimuna, poti yaimuna siitopa kuthamangitsa, ndipo ikakhala ndi yaikazi imodzi yokha imaisautsa mpaka kuiondetsa. M'thanki muyenera kukhala zomera zambiri, zina zoyandama, kuti yothamangitsidwa ndi ana obadwa kumene azipeza pobisala. M'masitolo amagulitsa timabokosi ta pulasitiki totsekeramo yaikazi ya bere kuti ana akabadwa asadyedwe. Kwa goodeid ine sindikuona kuti ndi nzeru. Nsomba ya bere ikagwidwa ndi ukonde n'kupanikizidwa m'kabokosi imachita mantha, mwina n'kubereka masiku asanakwane, ndipo mwana amene amadalira make mpaka tsiku lomaliza sangapulumuke akabadwa msanga. Ana a Ameca amabadwa aakulu moti makolo awo kawirikawiri sawadya. A mitundu ina, ngati pakufunika kuwapatula, ndi bwino kuwatunga ndi kapu atabadwa kale.

Tsopano ndifike pa lamulo limene limasiyanitsa wosunga mbewu ndi wokongoletsa nyumba: thanki limodzi, mtundu umodzi. Makolo athu akudziwa bwino zimene zimachitika chimanga cha makolo chikadzalidwa moyandikana ndi cha haibulidi. Mphepo imanyamula ufa wa ngaiyaye, ndipo chaka chamawa mbewu yako siikhalanso ija adakusiyira agogo, ngakhale maso akuuze kuti ndi yomweyo. Ndi nsomba zobereka n'chimodzimodzi. Chitsanzo chabwino ndi kansomba ka ku Venezuela kotchedwa Endler. Kakamuna kake ndi kotalika masentimita awiri ndi theka okha, koma kali ndi mawanga obiriwira, akuda ndi a lalanje owala ngati chitenje chatsopano. Franklyn Bond adakatola koyamba m'chaka cha 1937, John Endler adakapezanso mu 1975 m'thamanda la Laguna de Patos pafupi ndi mzinda wa Cumaná, ndipo mu 2005 kadapatsidwa dzina loti Poecilia wingei. Vuto lake n'lakuti kamakwerana ndi guppy wamba, ndipo ana obadwawo nawonso amabereka. Guppy yaimuna imodzi ikalowa m'thanki la Endler kwa tsiku limodzi, mbewu yake imakhala m'zazikazi kwa miyezi, ndipo kuichotsa m'mawa mwake sikuthandizanso kanthu. Oweta ena mpaka adagawa nsombazi m'magulu atatu: gulu N ndi zimene mbiri yake yolembedwa imafika ku madzi a ku Venezuela, gulu P ndi zooneka zenizeni koma zopanda umboni, ndipo gulu K ndi zosakanizika.

Oweta goodeid amapitirira pamenepa. Ngakhale nsomba zikhale za mtundu umodzi, ngati zina zidachokera pa kasupe uyu ndipo zina pa kasupe uyo, sazisakaniza, poti gulu lililonse lidazolowera madzi akwawo kwa zaka zosawerengeka. Pa thanki lililonse pamamatidwa kapepala kosonyeza dzina la mtundu, malo amene makolo ake adatengedwa ndi chaka chake. Kapepalako kakatayika, nsombazo zimakhalabe zamoyo koma pa ntchito yobwezera ku mtsinje zatha mtengo. Salolanso kusankha zokongola zokhazokha kuti ndizo ziziberekana, monga achitira ofuna guppy za michira ikuluikulu. Mtsinje sufuna mchira wokongola, umafuna nsomba yodziwa kuthawa. Ndipo popeza gulu loyamba ndi nsomba zochepa limakhala la pachibale lokhalokha, oweta amasinthana zazimuna za mzere womwewo nthawi ndi nthawi kuti magazi asafooke. Amaonetsetsanso kuti mtundu uliwonse uli m'nyumba zingapo. Galasi limasweka, magetsi amazima, mwini wake amadwala kapena kusamuka.

Kwa amene malo ndi ochepa kuli kansomba kena, Heterandria formosa, ka m'madambo a kumwera chakum'mawa kwa United States, monga ku Florida. Kakamuna sikapitirira masentimita awiri, ndipo ndi kamodzi mwa nsomba zazing'ono kwambiri zobereka ana. Thanki la malita 20 lodzaza zomera limakwanira banja lonse. Kakakazi kamanyamula ana a misinkhu yosiyanasiyana nthawi imodzi, ena atatsala pang'ono kubadwa, ena akungoyamba kumene. Motero sikabereka chigulu. Lero kamwana kamodzi, mkuja tiwiri, choncho mpaka milungu ingapo, ndipo woweta amangozindikira kuti m'zomera muli timaso tambiri kuposa mwezi watha.

Tsiku limafika pamene thanki ladzaza, ndipo apa m'pamene pagona ngozi imene ikutikhudza ifenso. Munthu wachifundo amaganiza zokataya zotsalazo ku mtsinje kuti zikakhale mwaufulu. Zina mwa zimene zidaononga Teuchitlán zidalowa mwa njira yomweyi. Nsomba ina yobereka, Gambusia, ya kumwera kwa United States, idafalitsidwa dala m'maiko ambiri kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti izidya mphutsi za udzudzu, ndipo guppy nayonso idatumidwa ntchito yomweyo m'maiko ena, a muno mu Africa omwe. Kumene Gambusia idafika idadya mazira ndi ana a nsomba za eni dera, achule osawasiya, ndipo idalembedwa pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikalowa kwa eni ake. Yaikazi imodzi ya bere ndi yokwanira kuyambitsa mudzi. Nyanja yathu ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO lidaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984. Mitsinje yambiri ya dziko lino imathera m'nyanja imeneyi, ndipo malamulo athu salola kuthira nsomba zachilendo m'madzi athu popanda chilolezo cha boma.

Woweta amene thanki lamudzalira amagawira anzake, pamodzi ndi kapepala kaja, kapena amalekanitsa zazimuna ndi zazikazi kuti kuberekana kuime. Ngakhale madzi akale amene wakoka m'thanki sawathira mu ngalande yopita ku mtsinje. Amakathirira maluwa kapena ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba, poti kamwana kobadwa dzulo sikaoneka m'ndowa ya madzi akuda.